MFUTI YA COMMISSAR: KODI WOSEŴERA ALI NDI MLANDU?

Pa maseŵera onse a nkhondo a pa kompyuta amene anyamata amachezera nawo usiku m'zipinda zogona, pali amodzi amene ndakhala ndikufuna kuŵabweretsa pa bwalo lathu lino la alembi. Dzina lake ndi Dawn of War. Ndikudziŵa kuti ena mwa inu, makamaka aphunzitsi athu, munena kuti nkhani ya zidole ilibe malo m'magazini ino. Ndikupemphani kuti muyambe mwandimva, kuweruza kubwere pambuyo, pakuti m'zidolemo mwabisala funso limene anthu oganiza akhala akulimbana nalo kuyambira kalekale.

Maseŵeraŵa adatuluka mu 2004. Adaŵapanga ndi a kampani ya Relic Entertainment ya mumzinda wa Vancouver ku Canada, koma nthano yake adaibwereka kwa a Games Workshop a ku Nottingham, ku Mangalande, amene kuyambira 1987 akhala akugulitsa tiasilikali toseŵeretsa pa tebulo pa dzina la Warhammer 40,000. Nthanoyo ikuchitika m'zaka za m'ma 40,000. Mtundu wa anthu udafalikira ku nyenyezi zosaŵerengeka, ndipo ukulamulidwa m'dzina la Mfumu Yaikulu imene yakhala pa mpando wagolide zaka 10,000 ili pakati pa moyo ndi imfa. Kuti isazimiretu, tsiku ndi tsiku amaidyetsa miyoyo ya anthu 1,000. Konsekonse ndi nkhondo yokhayokha, ndipo palibe amene akukumbuka kuti mtendere udali wotani.

Kaseŵeredwe kake nkosiyana ndi bawo. Mu bawo umakhala phee kudikira kuti mnzako amalize kutaya nkhomo zake, kenaka iwe nkuyambapo. Kuno kulibe kudikirana. Mbali zonse zimayenda nthaŵi imodzi, ndipo pamene iwe ukuganiza, mdani wako akumanga. Woseŵera amaona bwalo la nkhondo ali m'mwamba, monga kabaŵi aonera anapiye. Amatuma asilikali kukazika mbendera pa malo ena osankhika. Mbenderazo zimabweretsa chuma, ndipo chumacho pamodzi ndi mphamvu yochokera ku makina a magetsi ndicho chimagula asilikali ena, akasinja ndi nyumba za nkhondo. Msilikali aliyense ali ndi mtengo wake wolembedwa m'manambala. Musaiŵale mfundo imeneyi, tibwererakonso.

Poyambirira mitundu yomenyana idali 4: Space Marines, ankhondo osankhika a Mfumu ija; Chaos, abale ao amene adapanduka; Orks, zimphona zobiriŵira zokonda ndeu; ndi Eldar, mtundu wakalekale umene ukutha. Kenaka kampani idayamba kugulitsa zigawo zoonjezera, chilichonse ndi mitundu yake yatsopano. Winter Assault ya 2005 idabweretsa Imperial Guard, asilikali wamba a Mfumu. Dark Crusade ya 2006 idabweretsa Tau ndi Necron. Soulstorm ya 2008 idaonjezapo Sisters of Battle ndi Dark Eldar, mitundu nkukwana 9. Chifukwa chochitira zimenezi sichisoŵa: ndi malonda. Komabe malondawo adasintha kanthu kena kozama. M'maseŵera oyamba aja, nthano yonse umaiyenda uli mbali imodzi, ya Space Marines, ndipo ena onse ndi adani oyenera kufa. Mu Dark Crusade umasankha wekha mtundu uliwonse mwa mitundu 7, nkuyamba kulanda chigawo ndi chigawo cha dziko lotchedwa Kronus mpaka ena onse atatha. Mtundu uliwonse uli ndi chonena. A Tau akuti dzikolo ndi lao chifukwa akukhalamo ndi kulilamulira. A Imperial Guard akuti lidali la anthu iwo asanafike. A Necron, amene akhala akugona pansi pa nthaka yake zaka mamiliyoni, salankhula nkomwe, amangodzuka. Ngakhale a Imperial Guard ndi a Space Marines, otumikira Mfumu imodzi, amaphana okhaokha pa Kronus chifukwa aliyense wagwira lamulo lake lochokera kumwamba. Amene wapambana, mbiri ya dzikolo imasimbidwa momukomera iyeyo.

Mnzanga wina wophunzira za malamulo adandiuza kuti chimenechi ndi chinthu chokoma kwambiri, ndipo maganizo ake si opepuka. Adati pa bwalo la mfumu mlandu sugamulidwa asanamve mbali zonse. Maseŵera amene amakulola kuvala khungu la mdani wako, lero kukhala Tau maŵa nkukhala Ork, akukuphunzitsa kuti aliyense ali ndi zifukwa zake, ndipo munthu amene wazindikira zimenezi sangathamangire kudana ndi mtundu wina. Ndikadakonda zikadakhala choncho. Koma ndikaunika bwino m'mene mitundu yatsopanoyi imaloŵetsedwera m'maseŵera, ndimaona china.

Vuto lalikulu la opanga maseŵera otere ndi kulinganiza mphamvu. Mtundu watsopano ukakhala wamphamvu kuposa ena, aliyense ausankha ndipo maseŵera afa. Ukakhala wofooka, palibe augule. Motero amakhala miyezi akuyesa ndi kusintha manambala mpaka mtundu uliwonse utakhala ndi mwai wopambana wofanana ndi unzake. Tsono taonani chimene chimachitikira makhalidwe a mitunduyo akaloŵa pa sikelo imeneyi. Chikhulupiriro cha Sisters of Battle chimasanduka chuma chosonkhanitsa ndi kugwiritsa ntchito pa nkhondo. Nkhanza za Dark Eldar, amene amakolola mizimu ya akufa pa bwalo, zimasanduka chuma chinanso cha mtengo wofanana. Kudzipereka, ukapolo, pemphero, kudya mitembo, zonse zimapimidwa pa muyeso umodzi, ndiwo wakuti: kodi zikuthandiza bwanji kupambana? Pa bwalo la mfumu timamva mbali zonse kuti pamapeto pake tidziŵe wolakwa. Pa Kronus timamva mbali zonse nkupeza kuti funso la kulakwa silidafunsidwe nkomwe. Woseŵera sasankha Tau chifukwa mlandu wao wamugwira mtima. Amaŵasankha chifukwa mfuti zao zimafika patali.

Chitsanzo chimene chimandisoŵetsa mtendere kuposa zonse chili kwa Imperial Guard. Aŵa ndi anthu ngati inu ndi ine, opanda matupi achitsulo kapena matsenga, otsika mtengo, ofa msanga. Gulu lililonse la asilikali m'maseŵeraŵa lili ndi muyeso wa kulimba mtima kwake. Zipolopolo zikachuluka, moto ukayaka, muyesowo umatsika, ndipo ukatheratu gululo limasweka mtima: limaombera mwachisawawa, lili lokonzeka kuthaŵa. Pofuna kuchiza matenda ameneŵa, woseŵera angathe kugula mkulu wina wotchedwa Commissar, wa chijasi chachitali ndi chipeŵa, nkumuika m'gululo. Mkuluyu ali ndi batani lake. Ukalidina, iye amatulutsa mfuti yake nkuombera msilikali mmodzi wa gulu lake lomwe. Pompo mitima ya otsalawo imabwerera, ndipo kwa kanthaŵi amaombera mwachangu kuposa kale.

Opanga maseŵera sadazipeke zimenezi kuchokera m'mutu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, gulu la nkhondo la Britain lidaombera asilikali ake omwe 306 pa milandu monga kuthaŵa nkhondo ndi mantha, ndipo boma la dzikolo lidaŵakhululukira mu 2006, chaka chomwecho chimene Dark Crusade idatuluka. Mu July 1942 Stalin adasaina lamulo la nambala 227, loletsa kubwerera m'mbuyo ndi loika magulu apadera kumbuyo kwa asilikali kuti aletse othaŵa. Kusiyana kwake nkwakuti m'mbiri yeniyeni, akatswiri amatsutsana ngati kuopseza kotereku kudathandizadi kapena kudangoonjeza maliro. Munthu woopsezedwa nthaŵi zina amamenya nkhondo, nthaŵi zina amathaŵira kwa adani, nthaŵi zina amatembenuza mfuti nkuloza mkulu wake. M'maseŵeramu zonsezo mulibe. Mfuti ya Commissar imagwira ntchito nthaŵi iliyonse imene waidina, mosaphonya, monga m'mene 2 kuphatikiza 2 amakhalira 4. Ambiri odandaula za maseŵera a nkhondo amaloza magazi a pa galasi. Ine magaziwo sandivuta kwenikweni. Aliyense amadziŵa kuti ndi utoto. Chimene chimandivuta ndi lamulo lobisika lija lonena kuti nkhanza imabala zipatso zodalirika, chifukwa lamulo limenelo woseŵera saliŵerenga paliponse. Amaliphunzira ndi zala.

Apa wina adzuka nkunena kuti: koma bwanawe, wafa ndani? Funsoli ndi loyenera ndipo sindilizemba. Palibe amene wafa. Msilikali uja ndi manambala ndi kuŵala basi. Alibe mai amene adzamulire. Immanuel Kant adaphunzitsa mu 1785 kuti munthu sayenera kugwiritsidwa ntchito ngati chida chabe, koma chithunzi cha pa galasi si munthu, ndiye lamulo la Kant silidaswedwe. Mnyamata amene waseŵera ngati mfiti kapena wakupha m'seŵero la pa nsanja sitimutengera ku polisi seŵero likatha. Mu bawo timati "ndakudya" popanda wina kutuluka magazi. Ngati funso lathu ndi lakuti kodi woseŵera walakwira msilikaliyo, yankho ndi lakuti iyai, ndipo nkhani ikadathera pomwepa.

Koma pali njira ina yofunsira, imene Aristotle akadaikonda. Iye ankati khalidwe la munthu limamangidwa ndi zimene amachita kaŵirikaŵiri: timakhala olungama pochita zolungama, olimba mtima pochita zolimba mtima. Tsono tifunse kuti, munthu amene wakhala maola 200 pa Kronus wazoloŵera chiyani? Sindikhulupirira kuti wazoloŵera kupha. Anzanga amene ndimaseŵera nawo ndi anthu ofatsa, ena mwa iwo sangaphe ndi nkhuku yomwe. Chimene wazoloŵera ndi malo oimapo. Wazoloŵera kukhala m'mwamba, kuona anthu ngati timadontho toyenda m'magulu, ndi kuŵerengera mwamsanga kuti kutaya 10 apa kuti upulumutse kasinja apo ndi malonda abwino. Luso limeneli ndi lenileni, ndipo ankhondo adalizindikira kale. Mu 1824 msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, adaonetsa akuluakulu ake maseŵera a nkhondo a pa mapu otchedwa Kriegsspiel, ndipo iwo ataona adaŵalandira ngati chida chophunzitsira atsogoleri a nkhondo. Mbali inayi kudali H. G. Wells, mlembi wodana ndi nkhondo, amene mu 1913 adasindikiza kabuku ka malamulo oseŵerera tiasilikali tamtovu, Little Wars. Iye ankaganiza kuti munthu akaseŵera nkhondo yaing'ono kangapo adzaona yekha kupusa kwa nkhondo yaikulu. Chaka chotsatira nkhondo yaikuluyo idayamba. Pakati pa aŵiriŵa, mbiri idakomera Reisswitz.

Otchinjiriza Warhammer 40,000 ali ndi yankho lina. Amati nthano yonseyi ndi chipongwe chadala: Ufumu wa anthu uja adaujambula woipitsitsa, wodzaza ndi tsankho ndi kupembedza mtsogoleri, kuti tiuseke ndi kuuopa. Eni ake a Games Workshop adanena zomwezi poyera mu November 2021, pambuyo poti munthu wina wafika pa mpikisano ku Spain atavala zizindikiro za chipani cha Nazi. Adalengeza kuti m'nthano yao mulibe mbali yabwino, kuti Ufumuwo ndi chenjezo, ndi kuti anthu a chidani saŵafuna. Ndikuŵakhulupirira. Koma kufunika kwa chilengezo chotere, patapita zaka 34 chiyambire, kukutiuza kanthu. Ife alembi tikudziŵa kuti chipongwe chimafuna mtunda pakati pa woŵerenga ndi chinthu chosekedwacho. Maseŵera amachotsa mtundawo. Nthano ikuti Commissar ndi chilombo, pamene malamulo a maseŵera akuti Commissar ndi wothandiza, mugule. Ziŵirizi zikakangana pakati pa nkhondo, mdani ali pa khomo la malinga ako, chimene chimamveka ndi malamulo.

Tsono tiyeni kwa alendo aŵiri a mu Dark Crusade, pakuti ndiwo adandipangitsa kulemba nkhaniyi. A Necron, monga nthano inenera, adali mtundu wa matupi ofooka ndi moyo waufupi umene udasinthanitsa mnofu wake ndi matupi achitsulo osafa, nkutaya mizimu yake pa malondawo. M'maseŵera amayenda pang'onopang'ono ngati anthu operekeza maliro. Safuna chuma cha mbendera chija monga ena; amadalira magetsi okha. Asilikali ao wamba sagulidwa ndi kalikonse, amangofuna nthaŵi, ndipo ena akagwa amadzukanso. Ambiri amaŵaona ngati mizukwa yoopsa chabe. Ine ndimaona kuti ndiwo msilikali amene woseŵera wakhala akumufuna chiyambire: waulere, wosadandaula, wosafunsa chifukwa, woti akafa ungathe kumugwiritsanso ntchito. Zonse zimene zimatikwiyitsa mwa Imperial Guard, mantha ake, kufooka kwake, kufuna kwake kukhala ndi moyo, ndizo umunthu wake, ndipo Commissar ndi chida chochotsera umunthuwo kwa kanthaŵi. Necron ndi ntchito ya Commissar itamalizidwa. Munthu ukaseŵera ndi Necron nkumva kupepukidwa mumtima kuti tsopano palibe wokuvutitsa, nkoyenera kudzifunsa kuti chapepukacho nchiyani.

Komabe a Necron sanganyenge munthu, chifukwa nkhope zao ndi zigaza. Amene ayenera kutidetsa nkhaŵa ife a pa sukulu ya ukachenjede ndi a Tau. Iwoŵa ndi mtundu wachinyamata, wokonda sayansi, wa zida zoyera bwino, ndipo ndi okhawo m'nthano yonseyi amene amayamba akuitana kuti uloŵe nawo m'chigwirizano asanakuombere. Chiphunzitso chao amachitcha Ubwino Waukulu, kutanthauza kuti aliyense adzipereke chifukwa cha ubwino wa onse. Mau okoma, ofanana ndi a Jeremy Bentham ndi otsatira ake, ofanananso ndi mau ambiri amene timalemba m'mayeso. Koma Mtau aliyense amabadwira m'gulu limodzi mwa magulu 5, la ankhondo, la amisiri, la oulutsa zombo, la amalonda ndi akazembe, kapena la olamulira otchedwa Ethereal, ndipo satulukamo mpaka imfa. Amene amatanthauzira kuti ubwino wa onse ndi uti ndi olamulirawo. Ukapambana ndi Tau pa Kronus, wosimba nthano amakuuza mofatsa kuti anthu otsala adatengedwa kukaphunzitsidwa maganizo atsopano m'misasa, ndipo chiŵerengero chao chidanka chicheperachepera.

Onaninso m'mene a Tau amamenyera nkhondo. Iwo eni ake ndi akatswiri oombera ali patali, koma ndeu ya pafupi saitha. Ntchito imeneyo amaipereka kwa a Kroot, mtundu wina wokhala nawo m'chigwirizano, wa nthenga kumutu ndi mfuti zokhala ndi mipeni. Woseŵera aliyense wodziŵa amaika a Kroot patsogolo kuti atchinge adani ndi matupi ao, eni nkhondo ali kumbuyo akuombera. Apa Mmalaŵi safuna womumasulira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo ya Azungu, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, kufunsa chifukwa chimene anthu osauka akufera mkangano umene suli wao. Pa mapu a akuluakulu a nkhondo imeneyo, agogo athu adali manambala a mitolo. Mdzukulu wao lero wakhala pa mpando wa mkulu wa nkhondo, akukankhira a Kroot kutsogolo, ndipo akuchita bwino ndithu, pakuti malamulo a maseŵera amafuna zomwezo.

Ndikunena zimenezi kwa inu makamaka chifukwa cha kumene tikupita. Ambiri a ife sitidzagwira mfuti. Koma tikatuluka pano tidzakhala m'maofesi mokonza mapulani, moŵerengera ndalama za boma, mogaŵa mankhwala ndi feteleza, mosankha mudzi woti usamuke kuti msewu kapena damu lidutse. Ntchito zimenezi sizitheka popanda kukwera m'mwamba ndi kuona anthu ngati manambala. Amene akana kuŵerengera sangayendetse ngakhale chipatala chaching'ono. Maphunziro athu onse ndi makwerero opita kumeneko. Dark Crusade sidayambitse kaonedwe kameneka, idangokasandutsa chosangalatsa, nkukapatsa nyimbo ndi mendulo.

Nchifukwa chake sindili m'gulu la ofuna kuti maseŵeraŵa aletsedwe, ndipo ine ndemwe ndimaŵaseŵerabe, makamaka chiŵatulutsirenso pamodzi mu 2025. Pali kuona mtima kwina m'menemo kumene mabuku athu a zachuma alibe. M'buku, munthu wotayidwa chifukwa cha ubwino wa onse amabisika m'mau aatali ndi m'mizere ya matebulo. Kuno umamuona, ndipo batani ulidina ndiwe, palibe komiti yoti uiloze chala. Mlandu wa woseŵera, ngati ulipo, suli pakati pa iye ndi chithunzi chija. Uli pa zimene akulola kuti zala zake zikhulupirire osazifunsa.

Opanga maseŵeraŵa adaikamo chinthu china chimene ambiri sachisamala. Diso la woseŵera lingathe kutsika kuchokera m'mwamba muja mpaka pansi penipeni, pakati pa asilikali. Ukatsika umaona nkhope ya msilikali wa Imperial Guard, chisoti chake, m'mene akugwirira mfuti, ndipo umamva akufuula pamene gulu lake lasweka mtima. Amisiri adataya nthaŵi yambiri kujambula zimenezi. Koma uli pansipo suona mbendera zako zikulandidwa kumpoto, suona akasinja a mdani akuzungulira kumwera, ndipo chuma chako chimangounjikana osagwiritsidwa ntchito. Pa mpikisano weniweni palibe katswiri amene amatsikako kopitirira kamphindi.